Myra Hess ndi Nyimbo za M'nthawi ya Nkhondo

Makolo ambiri amene ndinakumana nawo pa zaka zimene ndinali mphunzitsi ankakondwa mwana wawo akanena kuti akufuna kudzakhala dokotala, namwino kapena woyendetsa ndege. Koma mwana yemweyo akangoti mtima wake uli pa zoimba, nkhope zawo zinkagwa, ndipo funso lotsatira linali lakuti, "Kodi nyimbozo udzadya?" Funso limeneli si lachibwana ayi. Olifunsawo ndi anthu oidziwa njala, amene anaonapo nkhokwe ili mbee mwezi wa Januwale, ana ali kukamwa yasa. Ndiponso kuseri kwa funsoli kuli lina lalikulu: kodi luso loimba lili ndi ntchito yanji pamene anthu ali pamoto? Kodi woimba si munthu wa pachikondwerero chabe, woyenera kukoleka chida chake kukhoma zinthu zikavuta?

Yankho la funso limeneli ine ndimalipeza m'mbiri ya mayi wina wa ku England, dzina lake Myra Hess, amene anali katswiri woimba piyano. Mayi ameneyu sanagwirepo mfuti, sanamangepo bala la msilikali, komabe anthu a mumzinda wa London amene anaona nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankamukumbukira ngati mmodzi mwa anthu amene anawalimbitsa mtima pa masiku oopsawo. Ndikufuna kulongosola m'mene zimenezi zinachitikira, pakuti mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense amene ali ndi mphatso imene anzake amaiona ngati yopanda phindu.

Poyamba tidziwe ntchito yake. Ambiri mwa ife tinazolowera limba la m'tchalitchi lopopa ndi mapazi, kapena kiyibodi yamagetsi ya makono ano. Piyano ndi yosiyana ndi zimenezi. Ili ndi timatabwa 88 totchedwa makiyi, toyera 52 ndi takuda 36. Munthu akadina kathabwa kamodzi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambo zachitsulo zimene zili m'kati. Akadina mwamphamvu mawu amatuluka aakulu, akadina mofatsa amatuluka onong'ona, choncho mtima wa woimba umadziwika ndi kagwiridwe kake. Nyimbo zimene Myra Hess ankaimba zinapekedwa ndi akatswiri akale a ku Ulaya monga Bach, Mozart, Beethoven, Schubert ndi Brahms, ndipo zinalembedwa papepala m'zizindikiro zakezake. Woimba wa mtundu umenewu sapeka nyimbo yatsopano. Ntchito yake ndi kudzutsa chimene chagona papepala kuti chilankhule kwa anthu amoyo. Nyimbo imodzi imatha kutenga theka la ola, ndipo kawirikawiri woimbayo amayenera kuiloweza yonse pamtima.

Myra anabadwa pa 25 Febuluwale 1890 ku London, m'banja lachiyuda, ndipo anali mzime mwa ana anayi. Anayamba kuphunzira piyano ali ndi zaka zisanu. Paja akuluakulu amati mmera m'poyamba. Ataphunzirako ku Guildhall School of Music, anapata mwayi wa maphunziro aulere ku Royal Academy of Music asanakwanitse zaka 14. Kumeneko anagwa m'manja mwa mphunzitsi wotchuka, Tobias Matthay. Mkulu ameneyu ankaphunzitsa kuti mawu okoma satuluka chifukwa cholimbitsa minofu. Dzanja ndi mkono ziyenera kumasuka, kulemera kwa mkono ndiko kugwire ntchito, ndipo khutu litsogolere chala, kutanthauza kuti woimba ayambe wamva mumtima mwake mawu amene akufuna, kenaka adine. Mtsikanayu anagwiritsa malangizowa, ndipo ngakhale atakula n'kutchuka sanaleke kulemekeza mphunzitsi wakeyo ndi kufunsira nzeru kwa iye.

M'chaka cha 1907, ali ndi zaka 17, anaonekera koyamba ngati katswiri m'holo yotchuka ya Queen's Hall. Anaimba konchelito yachinayi ya Beethoven, mtsogoleri wa gulu ali Thomas Beecham. Konchelito ndi nyimbo yaitali imene piyano imayankhana ndi gulu lalikulu la zoimbira zosiyanasiyana lotchedwa okhesitala, monga m'mene wotsogolera nyimbo amayankhirana ndi ovomera. Anthu anamuombera m'manja, koma m'manja simudyedwa. Kwa zaka zingapo mtsikanayu ankapeza zosowa zake pophunzitsa ana ndi kuimba apa ndi apo pamene waitanidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1912 anakaimba konchelito ya Schumann ku Amsterdam motsogozedwa ndi Willem Mengelberg, ndipo dzina lake linayamba kumveka kunja kwa dziko lake. M'chaka cha 1922 anaimba koyamba ku New York. Anthu a ku America anamukonda kwambiri kotero kuti ankabwererako kawirikawiri, ndipo kumeneko ndiko kunali gawo lalikulu la ntchito yake. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anazolowera kuimba pamaso pa makamu, mantha sankamuchoka. Nthawi yokwera pansanja ikayandikira mtima unkamugunda ngati wophunzira amene akulowa m'chipinda cha mayeso.

Pali kanyimbo kamodzi kamene kanamangirira dzina la Mayi Hess m'mitima ya anthu wamba. Johann Sebastian Bach, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1685 mpaka 1750, anapeka nyimbo ya m'tchalitchi yoimbidwa ndi kwaya pamodzi ndi zoimbira zingapo, imene kwa Angerezi imadziwika ndi dzina lakuti Jesu, Joy of Man's Desiring. Mayi Hess anaikonza kuti iziimbidwa ndi piyano yokha, ndipo inasindikizidwa m'chaka cha 1926. Imeneyi sinali ntchito yapafupi, pakuti zala khumi zinayenera kusenza katundu wa kwaya yonse ndi zoimbira zonse. Pamwamba pamayenda timawu tofulumira pang'ono, tosadukiza, ngati madzi a mumfuleni. Pansi pamagunda mawu aakulu oyenda mwachifatse. Pakati pa ziwirizi m'pamene pamatulukira nyimbo ya kwaya ija, ndipo woimba ayenera kuimveketsa bwino popanda kusokoneza zinazo.

Kanyimbo kameneka ndiko kanandidziwitsa ine za mayiyu, ndili kusukulu yasekondale ya amishoni. Mphunzitsi wathu wa kwaya, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anali ndi galamafoni ndi mbale zingapo zimene ankazisamala ngati mazira. Loweruka lina madzulo anatiitana anyamata a kwaya natiikira mbale imodzi. Ife, ozolowera nyimbo za mawu ndi ng'oma, tinadikira kuti munthu ayambe kutsegula pakamwa, koma nyimbo inafika kumapeto popanda liwu la munthu. Aphunzitsi anaibwereza, natiuza kuti tisiye timawu tapamwambato, titchere khutu pakati. Pamenepo tinaimva kwaya ija ikuimba m'kati mwa nsambo zachitsulo, ndipo m'chipindamo munangoti zii. Atazimitsa galamafoni anatifotokozera zimene woimbayo anachita pa nthawi ya nkhondo. Zambiri mwa zimene ndilembe pansipa ndinadzaziwerenga ndili wamkulu, koma mbewu yake inafesedwa madzulo amenewo.

Dziko la Britain linalengeza nkhondo ndi Germany pa 3 Sepitembala 1939. Poopa kuti ndege za adani zidzaponya mabomba pamene pasonkhana anthu ambiri, boma linatseka nyumba za kanema, za zisudzo ndi za makonsati. Usiku nyali zonse zinkazimitsidwa kapena kuphimbidwa, mzinda wonse kuli mdima wa ndiweyani. Ana zikwizikwi anachotsedwa kwa makolo awo n'kutumizidwa kumidzi yakutali. Pakati pa mzindawo, pa bwalo la Trafalgar Square, pali nyumba yaikulu yotchedwa National Gallery, mosungira zithunzi za akatswiri ojambula a zaka mazanamazana. Zithunzi zonsezo zinachotsedwa n'kukabisidwa ku Wales, ndipo pambuyo pake zinalowetsedwa m'mapanga a mgodi wa miyala wa Manod. M'nyumbamo munatsala makoma okhaokha ndi mafelemu opanda kanthu. Anthu a mu London anali ndi chakudya chochepa chowakwanira, anali ndi ntchito, koma chilichonse chotsitsimutsa mtima chinali chitachotsedwa, ndipo chotsala chinali kudikira imfa yochokera kumwamba.

Pa nthawiyi Mayi Hess anali ndi zaka 49 ndipo anali atakonza kale ulendo wokaimba ku America. Kumeneko kunalibe nkhondo, kunali ndalama, kunali anthu owakonda. Palibe akanawadzudzula akanapita, pakuti unali ulendo wa ntchito. Tikumbukirenso kuti iwo anali Myuda, ndipo nkhanza zimene boma la Adolf Hitler linkachitira Ayuda zinali zodziwika kale. Germany ikanagonjetsa Britain, moyo wawo ukanakhala pachiswe kuposa wa anansi awo. Komabe anauimitsa ulendowo nakhala. Apa m'pamene ine ndimaona mtima wa munthuyu. Kukhala kokha sikukanathandiza wina aliyense, choncho anadzifunsa chimene angachite ndi chimene anali nacho. Analibe mphamvu zokumba maenje obisalamo, analibe luso la unamwino. Anali ndi zala khumi ndi nyimbo zimene analoweza kwa zaka zoposa makumi anayi.

Anakaonana ndi Kenneth Clark, mkulu woyang'anira National Gallery, nam'pempha kuti nyumba yopanda zithunziyo ikhale malo a makonsati. Mkuluyo anavomera ndi manja awiri, boma nalo linaloleza, ndipo anagwirizana kuti nyimbo ziziimbidwa masana, nthawi ya nkhomaliro, pamene ogwira ntchito ali ndi kampata. Konsati yoyamba inachitika pa 10 Okutobala 1939, ndipo woimba anali Mayi Hess eni ake. Iwo ankaganiza kuti kubwera anzawo owerengeka chabe. Koma nthawi isanakwane n'komwe, mzere wa anthu unali utatalika kunja kwa nyumbayo: makalaliki a m'maofesi, asilikali, amayi ogulitsa m'masitolo, okalamba, aliyense atakolekera kabokosi ka chophimba kumaso chotetezera mpweya wapoizoni. Analowa anthu pafupifupi 1,000, ambiri anaimirira kapena kukhala pansi, ena anabwezedwa posowa malo. Tsikulo anamva, mwa zina, sonata ya Beethoven yotchedwa Appassionata ndi kanyimbo ka Bach kaja.

Kuyambira tsiku limenelo makonsati ankachitika Lolemba mpaka Lachisanu sabata iliyonse. Khomo linali sheleni imodzi, mtengo woti ngakhale mthenga wa muofesi akanatha kulipira. Panakonzedwa malo ogulitsirapo tiyi ndi buledi kuti munthu asasankhe pakati pa nyimbo ndi nkhomaliro. Mutu umodzi susenza denga: Mayi Hess sakanatha kuimba okha tsiku ndi tsiku, choncho mothandizana ndi mnzawo wopeka nyimbo, Howard Ferguson, ankaitana oimba ena mazanamazana. Otchuka ndi ongoyamba kumene ankalandira malipiro ofanana, ochepa ndithu, ndipo Mayi Hess sankatengapo kanthu pa kuimba kwawo. Ndalama zotsala zinkapita ku thumba lothandiza oimba amene nkhondo inawalanda ntchito, la Musicians' Benevolent Fund. Achinyamata aluso anapezanso poyambira. Mmodzi mwa iwo anali Kathleen Ferrier, mayi wa liwu lozama amene anaimba m'nyumbayi m'chaka cha 1942 asanatchuke pa dziko lonse.

Pa miyezi yoyamba ya nkhondo mabomba sanagwe mu London. Mayeso enieni anafika pa 7 Sepitembala 1940, pamene ndege za Germany zinayamba kuphulitsa mzindawo pafupifupi usiku uliwonse kwa miyezi iwiri, n'kupitiriza mwa apo ndi apo mpaka Meyi 1941. Anthu wamba oposa 40,000 anafa m'dziko lonse la Britain pa miyezi imeneyi. Chipinda chimene makonsati ankachitikiramo chinali ndi denga lagalasi, choncho anasamukira m'chipinda chapansi. M'menemo munali mozizira ndi monyowa, omvera ankakhala atavala makhoti awo, ndipo oimba ankavutika ndi zala zouma ndi chisanu. Nyumba ya National Gallery inaphulitsidwa kangapo konse. Tsiku lina, chifukwa cha bomba limene linagwa osaphulika, konsati inasamutsidwira ku South Africa House, nyumba yoyandikana nayo pa bwalo lomwelo. Usiku wa pa 10 Meyi 1941 holo ya Queen's Hall, m'mene Mayi Hess anayambira ntchito yawo ali mtsikana, inapsa yonse. Koma makonsati a masana aja sanaimitsidwe. Munthu ankadzuka m'dzenje lobisalamo, n'kudutsa m'misewu yodzaza magalasi osweka ndi utsi, n'kukapeza kuti ikakwana 1 koloko masana piyano ilira monga dzulo.

Makonsatiwa anatha pa 10 Epulo 1946, nkhondo itatha kale ndipo zithunzi zitabwerera kwawo. Onse pamodzi anakwana 1,698, omvera anaposa 750,000, ndipo Mayi Hess anaimba nawo m'makonsati pafupifupi 150. Mfumukazi Elizabeth, mkazi wa Mfumu George VI, ankabwera kudzamvera. M'kanema wa m'chaka cha 1942 wotchedwa Listen to Britain, mfumukaziyo ikuoneka itakhala pakati pa anthu wamba pamene Mayi Hess akuimba konchelito ya Mozart. M'chaka cha 1941 mfumu inawapatsa ulemu wa dzina lakuti Dame, lolingana ndi la Sir kwa amuna.

Pali chinthu china m'mbiri imeneyi chimene chimandikhudza koposa manambala onsewa. Nyimbo zambiri zimene zinkaimbidwa m'makonsatiwa zinali za Bach, Beethoven, Brahms ndi Schumann, amene anali Ajeremani, ndi za Mozart ndi Schubert a ku Austria, dziko limene pa nthawiyo linali litamezedwa ndi Germany. Taganizani: usiku ndege za Ajeremani zikugwetsa nyumba, masana mayi wachiyuda akuimbira ogwetseredwa nyumbawo nyimbo za Ajeremani. Ku Germany komweko boma la Hitler linali litaletsa nyimbo za Mendelssohn chifukwa chakuti anali wa mtundu wachiyuda. Mayi Hess anakana kubwezera choipa chimenecho. Kwa iwo Beethoven sanali katundu wa Hitler, ndipo mtundu wa anthu sunayenera kudedwa wonse chifukwa cha atsogoleri ake. Mu London munali mayi wina woimba ndi pakamwa, Elena Gerhardt, wochokera ku Leipzig, amene anachoka ku Germany chipani cha Nazi chitalowa m'boma. Nyimbo zake zinali za m'Chijeremani, ndipo ankaopa kuti anthu sangalole kumva chilankhulo cha adani. Mayi Hess anamulimbitsa mtima, nakwera naye pansanja, namuimbira piyano iwo eni. Omvera anamulandira ndi m'manja mwamphamvu. Pa nthawi imene kudana kunali kosavuta, nyumba imeneyi inkakumbutsa anthu tsiku ndi tsiku kuti mdani wawo ndi nkhanza, osati chilankhulo kapena mtundu.

Si onse amene nkhaniyi imawagwira mtima. Nditapita kumudzi patchuthi, ndinaifotokozera atsibweni anga, amene anamenya nawo nkhondo yomweyo. Iwo anali mmodzi mwa asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles amene anatumizidwa ku Burma kukalimbana ndi Ajapani m'chaka cha 1944. Anandimvetsera akusema mpini, ndipo nditamaliza anaseka pang'ono nati, "Iwe mphwanga, bomba lilibe makutu. Mayi wakoyo akanaimba mpaka zala kutupa, ndege zikanabwerabe. Nkhondo inathera m'matope m'mene tinali ife." Sindinawayankhe, chifukwa ankanena zoona, ndiponso mwana sakangana ndi munthu amene anaika anzake m'manda kudziko lachilendo.

Koma tsiku lina, akufotokoza okha za ulendo wawo m'chigwa cha Kabaw, anatchula chinthu chimene ndinachisunga. Anati mvula ya kumeneko inkagwa usana ndi usiku, matope ofika m'mawondo, malungo akugwetsa amuna amphamvu ngati mapesi. Miyendo ikafika pokana, wina kumbuyo kwa mzere ankayambitsa nyimbo ya kwathu, ena n'kuvomera, ndipo mapazi ankapezanso poponda. Ndinawafunsa kuti, "Nanga atsibweni, malungowo anali ndi makutu?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Malungo analibe makutu, koma ife tinali nawo. Pakanapanda nyimbo zija ena akanakhala pansi osadzukanso. Koma za piyano yakoyo ine sindikuzidziwa." Mpaka kumwalira kwawo sanavomereze kuti mayi wa ku London uja anachita chinthu chachikulu, komabe ndi iwo amene anandipatsa mawu omvetsera ntchito yake.

Ndipotu ife sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Pamudzi pakagwa maliro, amayi amachezera kuimba usiku wonse. Palibe amene amaganiza kuti nyimbozo zidzutsa womwalirayo. Amuna okumba manda ndi amayi ophika ali ndi ntchito yooneka ndi maso, koma tayesani kuchotsa oimba, muone m'mene usiku ungatalikire kwa ofedwa. Nyimbo imauza wolirayo kuti sali yekha, ndi kuti dziko silinathere pa tsoka lakelo. Anthu a mu London anali pa maliro a zaka zisanu ndi chimodzi. Ozimitsa moto, madokotala ndi oyendetsa ndege zankhondo anateteza matupi awo, ndipo ulemu wawo suyenera kuchepetsedwa. Mayi Hess anagwira mbali ina ya ntchito yomweyo. Munthu amene wagona m'dzenje miyezi yambiri, akudya mopimidwa, akuwerenga maina a akufa m'nyuzipepala, amayamba kudziona ngati nyama yosakidwa. Ola limodzi lokhala phee pakati pa anzake, akumvera chinthu chokongola chopangidwa ndi munthu, linkamubwezera umunthu wake, n'kubwerera kuntchito ali ndi chifukwa chopiririra.

Tisaiwale mbali ina. Chimene mayiyu anapereka m'chaka cha 1939 sichinapangidwe m'chaka chimenecho. Kenneth Clark anamvera pempho lawo chifukwa dzina lawo linali lolemera. Oimba anzawo anavomera malipiro ochepa chifukwa ankawalemekeza. Anthu anaima pamzere chifukwa ankadziwa kuti akamva kuimba kwenikweni. Zonsezi zinachokera m'zaka zija za kubwereza mzere umodzi wa nyimbo kambirimbiri m'chipinda chopanda woombera m'manja, zaka za kuphunzitsa ana a eni kuti apeze ya lendi, zaka za kulimbana ndi mantha a pansanja. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mtima wofuna kuthandiza ndi wabwino, koma tsoka likagwa munthu amathandiza ndi chimene anasula kale nthawi ya mtendere. Akanakhala woimba wa mwa apo ndi apo, chifundo chawo chikanathera pakhomo la National Gallery.

Nkhondo itatha Mayi Hess anabwerera kuntchito yawo yakale. Anayambanso maulendo a ku America, kumene m'chaka cha 1946 anaimba ndi mtsogoleri wotchuka Arturo Toscanini, ndipo pambuyo pake anaimba ndi akatswiri ena monga Pablo Casals ndi Isaac Stern. Sankakonda kujambula nyimbo m'situdiyo, pakuti kwa iwo kuimba kunali kucheza ndi anthu amoyo okhala pamaso pawo. Chifukwa cha ichi mbale zimene anasiya n'zochepa poyerekeza ndi kutalika kwa ntchito yawo. Anaphunzitsanso achinyamata owerengeka, mmodzi mwa iwo Stephen Kovacevich, amene anadzakhala katswiri wodziwika. Matenda anawakakamiza kusiya kuimba pagulu m'chaka cha 1961, ndipo zaka zotsirizazo zinali zowawa kwa munthu amene moyo wake wonse unali m'zala. Anamwalira ku London pa 25 Novembala 1965 ali ndi zaka 75. Sanakwatiwe ndipo sanasiye mwana. M'chaka cha 1977 anthu a mumzinda wa Chicago anayambitsa makonsati aulere a masana otchedwa ndi dzina lawo, opatsa mwayi oimba achinyamata, potsanzira aja a m'nthawi ya nkhondo.

Tsono kwa kholo lofunsa kuti, "Kodi nyimbozo udzadya?" sindingalonjeze kuti mwana aliyense woimba adzalemera. Ambiri salemera, ndipo n'kwanzeru kuti wophunzira alimbikire maphunziro ake onse. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti mphatso imene sidzaza nkhokwe ndi yachabe. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli ndi mphatso zosiyanasiyana. Wina ali ndi liwu, wina amajambula, wina amasema, wina amadziwa kuluka mawu n'kukhala ndakatulo, wina mangolongondo amalankhula m'manja mwake. Mwina anzanu amakusekani, mwina inu nomwe mumachita nayo manyazi. Isamalireni mphatsoyo, ndipo muisule mwakhama monga m'mene mumachitira ndi masamu kapena sayansi, popanda kukhutira ndi kuchita mwa theka. Pamudzi panu kapena m'dziko lanu padzafika tsiku la njala, la mliri, la madzi osefukira kapena la chidani pakati pa abale. Tsiku limenelo adzafunika madokotala ndi alimi, inde, koma adzafunikanso munthu wotha kukhazika mitima ya anthu pansi, ndipo adzafunika atakonzeka kale.